Ku Dedza boma, kwa azakhali

Lolemba

Ndafika bwino ku Dedza abale. Minibasi ndinakwerera ku depoti ku Lilongwe, kudikira kuti idzadze kunatenga nthawi yaitali kuposa ulendo weniweniwo chifukwa kuchoka mu tauni kufika kuno ndi makilomita 85 basi. Nathenje, Kamphata, mukaoloka Diamphwe nde kuti mwalowa m'boma la Dedza, kenako Linthipe, Chimbiya, toll gate ya pa Kalinyeke, mukangoona mapiri amiyala aja ayamba kuchuluka komanso anthu ayamba kutseka mawindo ndi kufunda zitenje dziwani kuti mwayandikira.

Ambiri a ife Dedza timaidziwira pa windo la basi. Ikaima pa roadblock timagula kachewere, kabichi, tomato, nsawawa, kenako ulendo wa ku Blantyre nkumati tadutsa pa Dedza. Komatu tauni yeniyeni siili pa M1 ayi, msewu umapatuka nkulowa mkati kutsinde kwa phiri, kumeneko nde kuli msika, chipatala, polisi, maofesi a khonsolo, masukulu, ndi anthu cha m'ma 30,000 omwe amagona ndi kudzuka konkuno. Boma lonse pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu opitirira 830,000. Ine ndabwera kudzakhala kwa azakhali anga, achemwali awo a bambo, amene akhala kuno chikwatiwire, ndipo amuna awo, ankolo, ndi mphunzitsi wopuma wa ku pulayimale.

Kuzizira kwake si nkhambakamwa. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, palibenso tauni ina ku Malawi kuno yokwera chonchi, ndipo phiri la Dedza lomwe lili kuseri kwa nyumba zathuzi limafika mamita 2,198. Mwezi wa July uno nkhungu imatsika dzuwa lisanalowe, pofika 5 koloko phiri lija silikuonekanso. Azakhali atangondilonjera anati, "Mwanangu, sendera kuno ku mbaula, za moni wa kumudzi tikambira pamoto." Tinadya nsima ya nyemba ndi mpiru wotendera, tiyi pamwamba, kenako kukagona ndi mabulangete awiri.

Lachiwiri

Lero ankolo ananditenga wapansi kukazungulira pa boma. Munthu wophunzitsa ana zaka zambirimbiri sayenda msanga, pa kona iliyonse wina akuima, "Aphunzitsi, mwadzuka bwanji," wina wa kabaza, wina wogulitsa matabwa, wina namwino ali mu yunifolomu, onse anadutsa m'manja mwawo. Nde mbiri ya tauniyi ndaimva moduladula pakati pa moni.

Iwo amayambira kutali. Eni nthaka akale kuno ndi Achewa, ndipo Achewawo anapeza Akafula. Kenako kunabwera Angoni a Maseko omwe anakhazikika cha ku phiri la Domwe, lomwe pano lili mbali ya Mozambique, ndi Ayao monga a kwa Tambala. Itamwalira mfumu Chikuse mu 1891 Angoniwo anagawikana, Gomani ndi Kachindamoto anathirana nkhondo, Kachindamoto anatsika phiri kukakhala ku Mtakataka kufupi ndi nyanja, Gomani woyamba uja anadzaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896. Nchifukwa chake mpaka lero likulu la Inkosi ya Makosi Gomani lili ku Ntcheu pomwe Kachindamoto ali m'boma la Dedza. Atsamunda dera lino ankaliwerengera ku chigawo chomwe ankachitcha Central Angoniland, ndipo kuziziraku kunawakomera, nde anamanga boma pano nkudzala mitengo ya paini m'phirimu. Nyumba zina zakale za njerwa zofiira zokhala ndi chumuni zikadalipo, utsi ukutuluka ndithu.

Titafika pafupi ndi maofesi a khonsolo ankolo anaima nkuyamba kundifotokozera zomwe ndikuona kuti zimawakhudza kwambiri. Lamulo la maboma aang'ono linabwera mu 1998, nthawi yomwe pa wayilesi pankamveka mawu aja akuti mphamvu ku anthu. Mu 2000 tinasankha makhansala, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo kuyambira pamenepo mpaka chisankho cha patatu cha mu 2014 dziko lonse linalibe khansala ndi mmodzi yemwe. Zaka 9 zimenezo. Ndipo Dedza tauni inali ndi khonsolo yakeyake, yosiyana ndi ya boma lonse, koma malamulo atasintha cha mu 2010 anaiphatikiza ku khonsolo ya boma, monga anachitira ndi matauni ena ngati Balaka, Salima ndi Karonga. Tanthauzo lake nloti ngalande ya ku Airfield kapena msewu wa ku Katsekaminga, madera a mu tauni muno, zimakambidwa pa tebulo limodzi ndi mlatho wa ku Golomoti, mjigo wa ku Mayani, chipatala cha ku Lobi. Palibe amene anganene kuti za kumudzizo nzosafunika, koma mavuto a mu tauni ndi ena, zinyalala, mapuloti, magetsi a mumsewu, zimbudzi za pa depoti, ndipo ine ndikugwirizana ndi ankolo kuti tauni ya anthu ochuluka chonchi imayenera kukhala ndi pokambira zakezake.

Mmene zimayendera nzotere. Makhansala amasankhidwa m'mawodi, iwo nkusankha wapampando pakati pawo. Mafumu aakulu, a Kachindamoto, Kaphuka, Kasumbu, Kachere, Kamenyagwaza, Tambala, Chauma, Chilikumwendo, amakhala nawo pa zokambirana koma savota. Aphungu a ku Nyumba ya Malamulo anapatsidwa mphamvu yovota mu khonsolo mu 2010 momwemo, ndipo nkhani imeneyi pamodzi ndi ya ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, yakhala ikukanganitsa anthu mpaka kufika ku khoti. Bwanamkubwa, a DC, sasankhidwa ndi anthu, amatumizidwa ndi boma, ndi amene amayang'anira ogwira ntchito onse. Pansi pake pali makomiti a chitukuko, ma ADC kwa mfumu yaikulu iliyonse ndi ma VDC kwa magulupu, komwe pempho la buloko ya sukulu kapena mjigo limayenera kuyambira. Ankolo anakhalapo mlembi wa VDC, opanda malipiro, kope ndi bolopeni kugula okha. Akuti vuto nloti anthu amabwera ambiri ku msonkhano akamva kuti kulembedwa maina a makuponi kapena mtukula pakhomo, koma ukaitana wokambirana mapulani a chitukuko amabwera ochepa omwe aja a masiku onse.

Tinamalizira ku msika, komwe wa khonsolo amadutsa ndi kabuku ka matikiti kutolera msonkho benchi ndi benchi. Kachewere ali mbwee, nyemba zamitundumitundu, kabichi mitu yaikuluikulu, usipa wochokera ku Mtakataka. Tinadya tchipisi cha pa chiwaya titaimirira, ankolo akukamba za malemu John Tembo, mwana wa kuno amene anakhala phungu wa Dedza South zaka zambiri, anakhalaponso gavanala wa Reserve Bank ndi mtsogoleri wa MCP, anamwalira mu 2023. Kuno ndale sizikambidwa dzina limenelo osatchulidwa.

Lachitatu

Tsiku la masukulu, ndipo ndalemba izi mtima uli wolemera pang'ono.

M'mawa tinadutsa ku Dedza Government Secondary School, yomwe aliyense amangoti Box 48. Inatsegulidwa mu 1951 ndipo inali sekondale yoyamba ya boma m'dziko muno, chifukwa ziwiri zomwe zinalipo kale, Blantyre Secondary ya 1940 ndi Zomba Catholic ya 1942, zinali za mamishoni. Taganizani, dziko lonse la Nyasaland masekondale owerengeka chonchi, nde mnyamata wosankhidwa kubwera kuno amachoka ku Karonga, ku Mulanje, ku Nsanje, ndi sutikesi yachitsulo, kudzakumana ndi chisanu chomwe sanachionepo. Bingu wa Mutharika anaphunzira pano, mng'ono wake Peter Mutharika nayenso, ndi madokotala, maloya, mainjiniya osawerengeka. Malo ake ngokongola, mitengo italiitali, phiri kumbuyo, anyamata ali m'majuzi mabuku kukhwapa. Boma la Dedza pa nkhani ya masukulu lili ndi dzina ndithu, pali Umbwi pompano pa boma, Mtendere ya a Marist, koleji ya aphunzitsi ya St Joseph ku Bembeke, koleji ya zankhalango ku Chongoni.

Koma Box 48 ndi sukulu ya dziko lonse, imatenga okhoza kwambiri mayeso a Sitandade 8 kuchokera m'maboma onse. Mwana wobadwira kuseri kwa mpanda wake, amene amamva belu lake tsiku lililonse, mwayi woti adzalowe pa geti limenelo ngochepa zedi. Ambiri akakhoza amapita ku CDSS, masukulu oyendera aja omwe anabwera mu 1998 m'malo mwa ma MCDE, ndipo ena ambiri sasankhidwa nkomwe ngakhale akhoze, malo ndi ochepa.

Cha m'ma 10 azakhali ananditenga ku pulayimale ina yomwe iwo ali mu mother group, gulu la amayi loonetsetsa kuti ana sakusiya sukulu, dzina la sukuluyo ndisalitchule. Ndinalowa mu Sitandade 2. Ana thoo, kukhala pansi pa simenti, mwezi wa July, ku Dedza. Ena ali ndi juzi, ena malaya a yunifolomu okha manja atapinda mkati, mapazi otuwa opanda nsapato, mphuno zikuchucha. Mphunzitsi mmodzi, mayi wachitsikana, akuyenda mopanikizika pakati pawo kuchonga makope ndipo mawu anali atasasa kale. Anandiuza kuti miyezi yozizirayi ana aang'ono amajomba kwambiri, makolo amawamvera chisoni kuwadzutsa, ndipo tsiku lomwe kulibe phala kalasi imachepa moonekeratu. Pulayimale yaulere inayamba mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, chinthu chabwino kwabasi, ankolo amati chaka chimenecho anaphunzitsira pansi pa mtengo bolodi atakoleka pa nthambi. Koma zipinda, madesiki ndi aphunzitsi mpaka lero sizinawapezebe anawo.

Chomwe chandigwira mtima ndi amayi a mother group. Ndi amayi wamba, ena ogulitsa mandasi, ena alimi a kachewere, ena sanafike ndi Sitandade 8 yomwe. Ali ndi kope momwe amalemba mwana aliyense amene wasowa kusukulu sabata yathunthu, ndipo amagawana, uyu apite kwa uje, uyu kwa uje. Amakapeza zosiyanasiyana. Wina akuthandiza makolo kukumba kachewere ku dimba, wina watumidwa kukagulitsa pa msewu, mnyamata wina waoloka malire kukagwira ganyu m'minda ya ku Mozambique, mtsikana wina wangokhala m'nyumba chifukwa wayamba kusamba ndipo alibe chovalira. Nde amayiwa amasoka mapadi a nsalu, ali ndi makina amodzi okha obwereka, amasinthana. Mtsikana akatenga mimba samusiya, amadikira abereke kenako nkukakambirana ndi makolo ndi ahedi kuti abwerere, chifukwa lamulo limalola. Azakhali anandionetsa mtsikana wina wa Sitandade 7 ali pa mzere wa phala, anangoti, "Uyo tinachita kukamutenga kubanja, mwana wake akulera ndi agogo ake." Sanaonjezere china.

Apa mpomwe dzina la Inkosi Theresa Kachindamoto limabwera. Mayi ameneyu anagwira ntchito ya usekilitale ku koleji ina ku Zomba zaka 27 asanaitanidwe kudzalowa ufumu mu 2003, ndipo atafika anayamba kuthetsa maukwati a ana, mazanamazana, kubweza anawo kusukulu, nyakwawa yololeza ukwati wotere kuiimitsa pa udindo. Dziko lonse lapansi linamva za iye. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati loika zaka 18, mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwanso kuti agwirizane nalo. Koma azakhali amati ngakhale mfumu ikhale yolimba bwanji singadziwe kuti mwana wa nyumba yakuti sanapite kusukulu Lolemba, amadziwa ndi neba, ndipo nebayo akakhala chete nkhani yathera pomwepo.

Ndinafunsa ngati amalandira kanthu. Anandiyang'ana nkuti, "Tilandire kwa ndani mwanangu? Anawa ndi athu."

Lachinayi

Ndinapita ku Chongoni ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali wotsiriza, tinakwera njinga yamoto ya kabaza mpaka kufupi ndi koleji ya zankhalango kenako wapansi kukwera ku Chencherere. Kukwera kwake nkotopetsa koma si kutali.

Pansi pa thanthwe lalikulu lopendekeka pali zojambula. Zofiira, mizeremizere ndi timizere tozungulira, nza Akafula, alenje akale aja. Zoyera zadothi nza Achewa, zina zokhudza chinamwali cha atsikana, zina zinyama ndi zilombo za gule, zojambulidwa ndi makolo athu enieni. Dera lonse la Chongoni lili ndi malo 127 otere, kuphatikizapo Mphunzi ndi Namzeze, ndipo mu 2006 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse lapansi. Ku Malawi kuno malo otere alipo ochepa kwambiri, Lake Malawi National Park inalowa kale mu 1984.

Msuweni wangayo wabadwira pa Dedza boma, wamaliza Folomu 4, koma lero kanali koyamba kufika. Akuti za Chongoni analoweza pokonzekera mayeso basi. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana, kufunsa wotilondolera mafunso ambirimbiri, kujambula pa foni. Ndipo pambali pa zojambula zakalezo pali maina a anthu olembedwa ndi makala ndi choko, ena pamwamba penipeni pa chojambula. Zinandiwawa. Ana a sukulu za pafupi akanamabwera nawo kuno ndi aphunzitsi awo, kuwauza kuti anajambula izi ndi agogo a agogo anu, sindikukhulupirira kuti angatenge khala nkulembapo. Mtunda wake ngoyenda wapansi kwa masukulu ena, sizofuna basi kapena ndalama zambiri.

Pamwambapo mumaona zonse, minda ya kachewere m'madambo, midzi, ndi mabala m'nkhalango momwe mitengo inadulidwa. Matabwa ndi makala zikudyetsa mabanja ambiri kuno, ndipo nkovuta kuuza munthu kuti asiye usanamuonetse kwina kopezera ndalama, koma akuluakulu akuti timitsinje tina tochokera m'phiri tomwe kale sitinkaphwa pano pofika October tauma.

Pobwerera tinapatukira ku Dedza Pottery, yomwe inayamba mu 1987. Makapu, mbale, matailosi ojambulidwa pamanja, dongo lake lakonkuno, ndipo yalemba ntchito anthu ambiri a m'midzi yozungulira. Ndinagulira azakhali kapu imodzi.

Lachisanu

Tinadzutsidwa ndi kulira cha m'ma 4 mbandakucha. Bambo wina wachikulire nyumba yachitatu kuchokera kwathu wamwalira, anadwala nthawi yaitali. Pulogalamu yanga yokwera phiri inathera pomwepo, ndipo nkoyenera.

Ndaona mmene dera limadzukira. Kusanache a block leader, oyang'anira dera lino la mu tauni, anali atafika, uthenga wapita kwa nyakwawa yomwe ili ndi manda, masamba aikidwa pa msewu kuti magalimoto ndi njinga zidziyenda pang'onopang'ono. Anyamata anapita kukabwereka mabenchi ku tchalitchi, ena kukawaza nkhuni, adzukulu analawirira kumanda ndi makasu ndi mapiki. Amayi awiri anayenda khomo ndi khomo ndi beseni ndi kope, nyumba iliyonse mbale ya ufa ndi kandalama, zonse kulembedwa. Azakhali anatenga ndowa, mpeni ndi chitenje china nkunyamuka, sanabwerenso mpaka usiku. Womwalirayo anali wa CCAP, nde amayi a Chigwirizano anabwera ndi yunifolomu yawo yoyera, koma pa moto pophika panali a Katolika a mphakati wa azakhali, panali amayi achisilamu atafunda mipango yawo, onse mthiko umodzi. Kuno pa maliro safunsa kuti mumapemphera kuti.

Ine ndinakhala ku azibambo ndi ankolo, moto uli pakati chifukwa cha chisanu. Nkhani zinali za mtengo wa feteleza ndi mankhwala opopera kachewere, za mavenda obwera ndi malole omwe amagula motchipa pamunda ndi matumba osokerera pamwamba aja, za akuba omwe anavuta miyezi yapitayo mpaka anthu anakhazikitsa gulu lolondera usiku mosinthana mogwirizana ndi apolisi. Bambo wina anandifotokozera za ma block leader. Mu tauni anthu ndi obwera, wina wa ku Ntcheu, wina wa ku Mzimba wabwera ndi ntchito, wina wa ku Mangochi wa bizinesi, nde sangakhale pansi pa ufumu wa magazi wa mtundu umodzi, amasankha munthu wokhazikika wodalirika kuti aziwayang'anira. Lamulo la mafumu la 1967 silimuwerengera munthu ameneyu ngati mfumu. Koma mkangano wa malire a puloti, lendi, banja lomenyana usiku, mwana wosowa, kalata yoti ukatsegulire akaunti ku banki, maliro ngati ano, onse amathamangira kwa iye. Mafumu a m'midzi yomwe tauni inaimeza nawonso alipo ndipo ndi eni manda, nde awiriwa amayenera kumvana, akapanda kumvana ovutika ndi anamfedwa.

Pa mwambo analankhula a banja, a mpingo, a mfumu, ndipo khansala wa wodi ino anabweranso nkupepesa. Atawerenga chipepeso, dzina ndi dzina, a mfumu anatengerapo mwayi kulengeza kuti Lachitatu likudzali kuli chitukuko chotuta mchenga wa chimbudzi cha atsikana ku pulayimale ija, nyumba iliyonse munthu mmodzi. Ankolo anandinong'oneza kuti uthenga wolengezedwa pa maliro umafika kutali kuposa kalata iliyonse.

Banki m'khonde ya azakhali yomwe imakumana Lachisanu masana yasunthidwa, koma anakumana mwachidule kuseri kwa nyumba ya siwa nkutulutsa ndalama ya thumba la zadzidzidzi kupatsa namfedwa, poti ndi membala wawo.

Loweruka

Ndinakwera kabaza kupita ku bodala, ndi pafupi kwambiri ndi tauni. Malole ali ndondondo kudikira mapepala, ena akuchokera ku Beira ndi mafuta ndi feteleza, ena akupita ku Tete, Zimbabwe mpaka Joni. Mbali inayo ndi Calomue, boma la Angonia, ndipo anthu ake amalankhula Chichewa chomwechi, maina a mafuko omwewa, ena minda ili uko nyumba ili kuno. Osintha ndalama ali ndi mipukutu ya makwacha ndi meticais m'manja. Mukapitirira pa M1 kulowera ku Lizulu msewu weniweniwo ndi umene uli malire, dzanja ili Malawi dzanja ilo Mozambique.

Madzulo azakhali anandikambira za nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Malawi inalandira othawa kwawo opitirira 1 miliyoni, ndipo Dedza ndi Ntcheu anali ena mwa maboma omwe analandira ambiri. Akuti anthu ankafika usiku, ana kumsana, mbuzi pa chingwe, ena ovulala, ndipo ambiri sanapite ku kampu poyamba, anangolowa m'midzi kwa abale awo nkupatsidwa pomanga. Kusukulu kwa ankolo ana anachuluka mwadzidzidzi, ena akuluakulu oti sanagwirepo pensulo. Mtendere utabwera mu 1992 ambiri anabwerera, ena anatsala, anakwatira, ndipo zidzukulu zawo ndi zomwe zili m'makalasi muja. Mayi mmodzi wa mu mother group muja anabwera ali kamtsikana nthawi imeneyo. Azakhali akuti ndi amene salola nkomwe kumva zoti mwana wasiya sukulu, poti iye sanaipeze.

Masana tauni inali ya mpira, anyamata a kabaza onse nkhani ndi Dedza Dynamos, timu yomwe inapangitsa kuti matimu aakulu a mu Super League azibwera kudzasewera pa stadium ya konkuno. Tsiku la gemu amayi a mandasi, a tchipisi, a malo ogona, onse amapezako kangachepe. Sindinalowe, ndinali nditatopa ndi tulo ta ku maliro.

Lamulungu

Azakhali anafuna kuti tikapemphere ku Bembeke, komwe anabatizidwira, nde tinalawira. Tchalitchi chake chachikulu cha njerwa, mkati muli zojambula zokongola, ndipo ndi likulu lakale la dayosizi ya Dedza. Bishopu woyamba wa dayosiziyi, Ambuye Cornelio Chitsulo, ndi amenenso anali wansembe woyamba komanso bishopu woyamba wachimalawi mu mpingo wa Katolika. Kumunsi kwa phiri kuli Mua, mishoni yomwe a White Fathers anatsegula mu 1902, komwe kuli KuNgoni, malo osungira chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao omwe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kutsikira kumeneko ndi msewu wa Khwekhwelere wokhotakhota uja wopita ku Golomoti, ulendo uno sindifikako. Masukulu ambiri akale m'boma lino anayamba ndi mamishoni amenewa, a Katolika mbali ino, a Dutch a ku Nkhoma mbali inayo, boma linabwera pambuyo.

Kwaya inaimba bwino zedi, ng'oma ndi zisekese, anthu atavala majekete ndi zipewa zaubweya mpweya ukutuluka ngati utsi mkamwa. Zolengeza zinatenga nthawi, za mphakati, za ukwati, za katemera wa ana, za msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Titatuluka tinagula kachewere pa msewu pa Bembeke pomwepo, ndowa yodzadza bwino, wina wa kunyumba wina woti ndinyamule.

Madzulo ano amayi atatu a mother group anabwera kudzanditsanzika, ndipo sanabwere chabe. Mwini makina osokera aja akuwafuna mwezi wamawa. Asonkha kale kandalama kuchokera ku munda wa nyemba womwe amalima limodzi kuseri kwa sukulu, koma sakudziwa kuti makina apamanja akugula bwanji ku Lilongwe, nde andituma ndikafunse m'masitolo a ku Area 2 ndi kwa ogulitsa akale, ndikafunsenso mtengo wa nsalu ya flannel pa mita ndi mabatani. Alemba zonse pa pepala lochotsa mu kope muja. Ndawauza kuti pofika Lachinayi ndikhala nditaimba foni kwa azakhali ndi mitengo yake, ndipo pomwe paperewere ndikambirana ndi achimwene anga ndi anzathu ena a kwathu kuno omwe tili mu tauni kuti tionjezere. Minibasi yoyamba imanyamuka pa depoti cha m'ma 6.